Ng'ombe Yotsimphina Timailemba, Nanga Wogwira Mwendo Wake?

Mvula ikakhazikika ku Mashonaland, kuyambira mwezi wa Disembala kufikira Malichi, makola a ng'ombe amasanduka zithaphwi. Dothi lofiira la m'chigwa cha Mazowe limamata ngati phala, ndipo ngakhale cha ku Marondera ndi Macheke, kumene nthaka ndi yamchenga, pachipata cha khola ndi panjira yopita kokamira mkaka pamakhala matope osakanikirana ndi ndowe, ofika mu akakolo. Imeneyi ndiyo nyengo imene ziboda zimafewa, pakati pa zala za ng'ombe n'kuyamba kuola, ndipo mlangizi aliyense wa ziweto amalandira mauthenga akuti ng'ombe yakutiyakuti ikutsimphina. Walira mvula walira matope. Malangizo ake tonse tidawaloweza pamtima: kwezani mwendo, tsukani chiboda, wengani pamene pakula mopitirira, thirani mankhwala. Mawu akuti "kwezani mwendo" timawatchula mopepuka ngati kuti mwendowo ndi wa mpando. Chonsecho ndi mwendo wa nyama yolemera makilogalamu 500 kapena 600, yomva ululu, yogwidwa ndi mantha. Ndipo wodzaukwezayo si ife, kawirikawiri si mwini famu, koma munthu wina amene dzina lake silidzalowa m'lipoti lathu la mwezi.

Maganizo anga ndiwanene poyambirira kuti otsutsa adziwe potsutsira. Munthu akavulala posamalira ziboda si tsoka, si nkhanza za ng'ombe, ndipo nthawi zambiri si kusasamala kwa wovulalayo. Ngoziyo imakhala itakonzeka kale ng'ombe isanamangidwe. Woikonza ndi amene adalamula kuti ntchitoyo igwiridwe popanda malo oyenera, ndi anthu osakwanira, ndi mpeni wobuntha, dzuwa litapendeka. Ndipo ife alangizi, tikapereka malangizo a ziboda osafunsa kuti mwendowo ukwezedwera pati ndipo aukweza ndani, tili ndi gawo lathu pa mlanduwo.

Amene adanditsegula maso pa nkhaniyi ndi mkulu wina wokama ng'ombe pa famu ina ya mkaka cha ku Marondera, zaka zambiri zapitazo. Ndidapitako kukaona ng'ombe zitatu zotsimphina. Mkuluyo adabadwira pa famu pomwepo, koma Chichewa chake chidali cha ku Ntcheu, kumene bambo ake adachokera. Pamene ankamanga chingwe ndidaona kuti dzanja lake lamanja silifumbata. Zala ziwiri zidali zopindika, zouma ngati nkhuni.

"Agogo, dzanjali lidatani?"

"Aa, mwana wanga, ndi ntchito yomweyi. Chingwe ndidachikulunga kudzanja kuti chisapulumuke. Ng'ombe itakoka, zala zidatsala chonchi."

"Nanga adakulemberani? Mudalandirapo kanthu?"

Adaseka pang'ono. "Kulemba adalemba. Adalemba kuti ng'ombe idachira."

Madzulo ake ndidatsegula buku langa la maulendo. Mudali nambala ya ng'ombe iliyonse, mwendo wodwala, mankhwala operekedwa, ndi tsiku lobwererako. Danga lolembamo munthu mudalibe.

Kuti timvetse kulemera kwa dzanja limenelo, tiyenera kukumbukira kumene adachokera anthu ogwira ng'ombe m'mafamu akuluakulu a Mashonaland, amene kumeneko amati mapulazi. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland, a kummawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete ankaoloka Zambezi kukafuna ntchito kumigodi ndi kumafamu a fodya, chimanga ndi ng'ombe. Ena ankayenda pansi, ena ankakwera malole a Ulere, ndipo ena ankalembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission, lokhazikitsidwa mu 1946, lija makolo athu ankalitcha Mthandizi. M'zaka za m'ma 1950, oposa theka la antchito a m'mafamu a azungu adali ochokera kunja kwa Southern Rhodesia. Ambiri adatchona, nakwatira, nabereka ana m'makomboni a ku Bindura, Mvurwi, Banket, Trelawney ndi Karoi, kumene mpaka lero Gule Wamkulu amavinidwa ndipo Chichewa chimamveka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, antchito a m'mafamu ku Zimbabwe adali pafupifupi 300,000 kapena kupitirirapo, ndipo gawo lalikulu ndithu lidali la ana ndi adzukulu a anthu amenewa.

Munthu wotere alibe mudzi wothawirako. Mnzake amene kwawo ndi ku Chiweshe kapena ku Murewa akavulala amabwerera kumene kuli munda ndi abale. Mdzukulu wa mtchona nyumba yake ndi ya pa famu, ndipo imayendera limodzi ndi ntchito. Dzanja likafa ntchito yatha, ntchito ikatha nyumba yapita. N'chifukwa chake akavulala sadandaula mokweza. Amamanga kansanza pabala, nabwerera m'khola m'mawa mwake. Blair Rutherford, katswiri wa ku Canada amene adakhala pakati pa antchito a m'mafamu a ku Hurungwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, adafotokoza m'buku lake la mu 2001 kuti moyo wa pa famu sunkatsata kwenikweni malamulo a boma, koma chifuniro cha mwini famu, ngati kuti antchito onse ndi ana a pakhomo pake. Pamalo otere, kukana kuwerama pansi pa ng'ombe yolusa kunkaoneka ngati mwano. Eni mafamu ambiri adasintha, koma mtima umenewu sudachoke nawo.

Ulangizi wathu nawonso udabadwa woona mbali imodzi. Ufulu wa 1980 usanabwere, Conex inkalangiza eni mafamu akuluakulu, Devag inkalangiza alimi a kumidzi, ndipo ziwirizi zidaphatikizidwa mu 1981 kukhala Agritex. Zonse zinkalankhula ndi mwini munda kapena mwini ziweto. Wantchito wa pa famu sadali wa uku, sadali wa uko. Ndikhulupirira kuti anzanga a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique akadzifunsa moona mtima apeza zomwezo kwawo. Pa maphunziro timaitana mwini ng'ombe, iye n'kubwerera kunyumba ndi kapepala m'thumba, koma wokagwira mwendo ndi mnyamata waganyu amene sadamve liwu n'limodzi lomwe.

Tsono tiyeni tione chimene chimachitika pansi pa ng'ombe, pakuti ambiri a ife tidaphunzira matenda a ziboda mozama, koma za munthu wogwira chibodacho tidangodutsa. Kutsimphina kochuluka kwa ng'ombe za mkaka kumachokera m'chiboda, ndipo ziboda zambiri zodwala ndi za miyendo yakumbuyo, makamaka chala chakunja. Ndiye kuti ntchitoyi imatiitanira kumene kuli ngozi yeniyeni. Ng'ombe siponya theche molunjika kumbuyo monga achitira bulu ndi kavalo. Imatukula mwendo chakutsogolo, n'kuuzunguza cham'mbali, n'kumalizira kumbuyo, kotero kuti woima pambali poyesa kuti wazemba ndiye ali panjira. Wodziwa ntchito amaima chokhudzana ndi ntchafu ya ng'ombe, pakuti pamenepo mwendo umangomukankha. Wamantha amaima patali pang'ono n'kuwerama, ndipo chiboda chimamupeza chitatenga liwiro lonse, pachibwano kapena pamutu. Mantha amene amateteza munthu pa ntchito zina, pa ntchito iyi ndiwo amamupereka, pokhapokha wina atamuphunzitsa poima.

Ng'ombe imaona pafupifupi mbali zonse osatembenuza mutu, kupatula kampata kakang'ono kumbuyo kwenikweni, ndipo woifikira mwakachetechete kuchokera kumeneko amaidzidzimutsa. Temple Grandin wa ku Colorado State University, amene wathera zaka zambiri akufufuza kagwiridwe ka ziweto, amaphunzitsa kuti ng'ombe yoopsezedwa imatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti mtima wake ukhale pansi. Taganizani tsono zimene timaona masiku onse. Ng'ombe yotsimphina ithamangitsidwa kuchokera kubusa ndi zikwapu, agalu ndi mfuu, ilowa m'mpanda ili wefuwefu, ndipo nthawi yomweyo munthu auzidwa kuti agwire mwendo wopwetekawo, chifukwa alangizi afulumira, ali ndi mafamu ena awiri oti afikeko kusanade. Theka la ola limene tidakana kudikiralo ndilo limakagoneka munthu m'chipatala mwezi wathunthu.

Eni mafamu ambiri ndikawafunsa za malo amandilozera kampanda kopanikizira ng'ombe kamene kali pafupi ndi dipi, kaja timangokatchula kuti crush. Koma kampanda kameneko kadamangidwira katemera, mankhwala a nkhupakupa ndi kuika zizindikiro. Ndi ka ntchito za kumsana ndi kukhosi. Pa ntchito ya ziboda, mitengo yake yopingasa ya m'munsi imasanduka msampha. Munthu apisa mkono pakati pa mitengo kuti afikire chiboda, ng'ombe isuntha, mkono upanikizika pakati pa mwendo ndi mtengo, n'kuthyoka ngati phesi. Ng'ombe nayonso ikaterereka mwendo uli womangiriridwa ku mtengo wotero imathyoka kapena kuguluka m'chiuno, ndipo chotsala ndi kuitana wabutchala. Palinso mtengo uja timapingasa kumbuyo kuti ng'ombe isabwerere: ikaukankha usanalowe mbali zonse ziwiri, umakwapula woima pafupi m'mimba kapena m'mano.

Malo oyenera safuna zitsulo zoitanitsa kunja. Pafunika chogwirira khosi cholimba, pansi pouma posaterera, mitengo ya m'munsi yoti n'kusolola mbali imene mukugwirako ntchito, mtanda wolimba pamwamba wokolekapo chingwe chokwezera mwendo, ndi lamba wotakata wodutsa pansi pa chifuwa kuti ng'ombe ikafooka isagwe. Pafunikanso mpata wothawirapo, woti munthu n'kudutsa cham'mbali koma ng'ombe ayi. Zonsezi mmisiri wa pamudzi angathe kuzimanga ndi mitengo ya bulugamu, mabawuti ndi matumba ochepa a simenti. Chingwe chizengedwe pa mtanda, osati pa dzanja, ndipo mfundo yake ikhale yomasuka ndi kukoka kumodzi. Anthu akhale atatu, wa kumutu, wa chingwe ndi wa mpeni, koma wolamula akhale mmodzi.

Mpeni wobuntha ndi woopsa kuposa wakuthwa, pakuti umafuna mphamvu, ndipo ukapulumuka umathera m'dzanja logwira chiboda kapena pa mtsempha wa pamkono. Njira yowengera ziboda imene ambiri tidaphunzira ndi ya E. Toussaint Raven wa ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, amene buku lake lidatuluka m'Chingerezi mu 1985. Iye adapereka muyeso wa masentimita 7.5 ngati kutalika kwa khoma lakutsogolo la chiboda. Muyesowo udali wa ng'ombe za Friesian za msinkhu wapakati, ndipo ofufuza a ku Britain adaonetsa pambuyo pake kuti pa ng'ombe zikuluzikulu za masiku ano ndi waufupi. Ndikutchula zimenezi chifukwa wowenga mopitirira amafika pamnofu, ndipo ng'ombe yolasidwa pamnofu imaponya mwendo ndi mphamvu imene chingwe chofumbwa sichingaigwire. Chiboda chimakula pafupifupi mamilimita 5 okha pa mwezi. Chimene wachotsa mwaphuma lero sichibwerera msanga. Masiku ano kwabweranso makina amagetsi odulira zitsulo, aja amati grinder, amene anyamata amawengera ziboda atachotsa chotchingira chake, maso ali pamtunda opanda magalasi. Pa mwendo womangidwa bwino, m'manja mwa munthu wophunzira, ndi chipangizo chabwino. Pa mwendo umene mnzako wangougwira ndi manja, ndi chodulira zala.

Pamene palibe kampanda anthu amagwetsa ng'ombe ndi chingwe. Sindikuletsa, pakuti kumidzi nthawi zambiri njira ina palibe, koma tizinena zoona kuti imeneyi ndi ntchito ya anthu anayi kapena asanu odziwana, osati ya mbusa ndi ana ake. Ng'ombe ikhale yosadya kwa maola angapo, igwere pa udzu osati pa miyala, igonere kumanja kuti chifu chikhale pamwamba, ndipo isagone nthawi yaitali kuopa kufufuma mimba. Yabere lalikulu isagwetsedwe. Wa kumutu asachoke kufikira miyendo yonse itamasulidwa. Ambiri amene ndidawaona atavulala pa njira imeneyi adavulala pomasula, ntchito itatha, aliyense atayamba kale kucheza.

Palinso kuvulala kosatuluka magazi. Madzi oviikamo ziboda kawirikawiri amathiridwa formalin, malita 3 mpaka 5 pa malita 100 a madzi, kapena copper sulphate. Mu 2004 bungwe la International Agency for Research on Cancer lidaika formaldehyde, amene ndiye mphamvu ya formalin, m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Komabe wosakaniza mankhwalawa amachita ndi manja opanda magolovesi, m'kachipinda kotseka, misozi ili chuchuchu, nayesa kuti kuwawa kwa maso ndi umboni wakuti mankhwala ndi amphamvu. Asakanizire pabwalo, atavala magolovesi ndi magalasi, ndipo otsala asasungidwe m'botolo la chakumwa pamene pali ana. Kenaka pali kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo bala lakuya la mpeni wa ziboda ndiyo nyumba imene timafuna. M'maiko athu katemera wa kafumbata wakhala akuperekedwa makamaka kwa makanda ndi amayi oyembekezera, kotero kuti amuna ambiri achikulire, amene ndiwo amagwira mipeniyi, alibe chitetezo chokwanira. Kodi ndi alangizi angati amene adafunsapo wokama ng'ombe kuti adabayitsa liti? Nkhupakupa zobisala pakati pa ziboda za mbuzi ndi nkhosa zisatswanyidwe ndi zala, pakuti zina zimanyamula matenda ogwiranso anthu. Ndipo jakisoni wa xylazine, woziziritsa ng'ombe yolusa, akalasa munthu mwangozi angathe kumukomola ndi kumubanika. Ameneyo ndi wa dokotala wa ziweto, osati wosiyira kapitawo m'kabati.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Poyamba adzati ng'ombe zathu zamakolo sizifuna kuwengedwa ziboda. Pamenepa ndivomera, ndipo ndionjezerapo. Ng'ombe ya Mashona, yopepuka thupi, yoyenda mitunda pa nthaka yamchenga, ziboda zake zimatha zokha poyenda. Chimodzimodzinso Angoni ya ku Chipata ndi Zebu ya ku Malawi. Kuikweza mwendo popanda chifukwa ndi kuputa ngozi dala. Mwendo umene sudafunike kukwezedwa suvulaza munthu, ndiye ntchito yaikulu ili pa khola lomangidwa pamtunda lokhala ndi ngalande, pa kuchotsa ndowe, pa njira zopanda miyala yakuthwa ndi zidutswa za waya, ndi pa kusuntha khola matope akachuluka. Koma mfundoyi imathera pa ng'ombe zamakolo. Holstein yoima pa simenti, yodya chakudya chambiri chogaya, ndi nkhani ina. Ndipo ng'ombe zamkaka zodyera m'khola, zimene zachuluka pakati pa alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association, siziyenda n'komwe, kotero ziboda zake zimakula n'kupindika ngati nsapato zotha. Kumeneko wogwira mwendo kawirikawiri ndi mayi wa pakhomo kapena mwana wa sukulu.

Kachiwiri adzati ndalama palibe. Kuyambira mu 2000, pamene boma la Zimbabwe lidayamba kugawa malo mofulumira, mafamu ambiri a Mashonaland adadulidwa kukhala minda ya A1 ndi A2. Mkaka umene dzikolo linkatulutsa, woposa malita 250 miliyoni mu 1990, udatsika kufika pansi pa malita 50 miliyoni pofika 2009, ndipo ngakhale wakhala ukukweranso, ambiri oweta tsopano adayamba ntchitoyi opanda wowaonetsa. Mipanda yakale ina idagwa, ina idatsalira mbali ya mnansi pamene famu inkadulidwa. Pamwamba pa izo, matenda a nkhupakupa otchedwa January disease adapha ng'ombe zambirimbiri kuyambira dzinja la 2017 ndi 2018, kotero kuti mlimi wotsala ndi ng'ombe ziwiri zapagoli amazisunga ngati maso ake. Umphawi umenewu sindiunyoza. Koma tawerengani mtengo wa mitengo ingapo ya bulugamu ndi simenti, muuyerekeze ndi ng'ombe imodzi yothyoka mwendo. Sindidaonepo mlimi amene, nditamuwerengera motero, adati kampandako n'kodula. Chondichititsa manyazi n'chakuti ndimayenera kuwerengera ng'ombe kuti amve. Ndikawerengera mkono wa wantchito nkhope yake siisintha, chifukwa mkonowo sauyesa chuma chake. Ndipo ngati mlimi mmodzi sangathe, alimi oyandikana amene amasonkhana kale ku dipi angamange kamodzi ka onse.

Malamulo alipo, kungoti amachedwa kufika kukhola. Ku Zimbabwe, Statutory Instrument 68 ya 1990 idakhazikitsa dongosolo lopewa ngozi ndi lopereka chipepeso kwa ovulala pa ntchito, limene limayendetsedwa ndi National Social Security Authority, ndipo osonkha ndi olemba ntchito. Ku Zambia lamulo la chipepeso lidakhazikitsidwa mu 1999, ku Malawi mu 2000. Pangano nambala 184 la International Labour Organization, la mu 2001, lonena za chitetezo ndi umoyo pa ntchito zaulimi, limatchula kagwiridwe ka ziweto mwachindunji, ndipo limapatsa wantchito ufulu wochoka pamalo pamene waona kuti moyo wake uli pangozi yaikulu, popanda kulangidwa. Dziko la Malawi lidavomereza panganoli mu 2019. Koma chipepeso chimayamba ndi kulemba, ndipo ngozi yosalembedwa, pamaso pa lamulo, sidachitike. Waganyu wolipidwa patsiku, wopanda chitupa, amene makolo ake adataya unzika ndi lamulo la mu 2001 ndipo iye sadathe kuulondola ngakhale malamulo aakulu a dziko a 2013 adatsegulanso khomo, sangadzipitire yekha ku ofesi ku Chinhoyi kapena ku Bindura. Bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ lilipo, koma minda ing'onoing'ono ndi yochuluka kuposa miyendo ya nthumwi zake. Munthu wa boma amene amafika kukhola kawirikawiri ndi ifeyo.

Apa ndi pamene anzanga ena amandiimitsa, nati imeneyo ndi ntchito ya unduna wa zantchito, ife ndife a ziweto, ndipo tikayamba kufunsa za antchito eni mafamu atitsekera zipata. Nkhawayi ndi yoona, ndipo sindikupempha kuti mlangizi asanduke wapolisi. Ndikupempha zimene zili kale m'manja mwathu. Tisaonetse kawengedwe ka ziboda pamalo pamene ifeyo sitingalole mwana wathu kugwira mwendo. Tikafika n'kupeza malo palibe, phunziro la tsikulo likhale kumanga malowo. Tikaitana mwini ng'ombe ku maphunziro tinene kuti abwere ndi wogwira ng'ombeyo, ndipo tiphunzitse m'chilankhulo chimene iyeyo amamva, Chishona kapena Chichewa, pakuti m'makomboni ambiri ziwirizi zimayendera limodzi. M'buku lathu la maulendo tionjezemo mzere umodzi wofunsa ngati pali amene wavulazidwa ndi ziweto chichokereni ulendo wapitawo. Patapita chaka chimodzi tidzakhala ndi kanthu koonetsa akuluakulu athu m'malo mwa nkhani za pakamwa. Ndipo makoleji osula alangizi, kaya ndi Gwebi, Chibero, Mazowe, Mikolongwe kapena Natural Resources College ku Lilongwe, asapereke satifiketi kwa wophunzira amene sadakwezepo yekha mwendo wakumbuyo wa ng'ombe yamoyo.

Aphunzitsi a ntchitoyi alipo, ngakhale sali pa mndandanda wa malipiro a boma. M'makomboni akale a ku Mazowe, Banket ndi Beatrice mukadali madoda amene adakweza miyendo ya ng'ombe moyo wawo wonse. Ambiri adasiya kukama eni mafamu akale atachoka. Ena akulima maganyu kwa alimi atsopano, ena akufuna golide m'mitsinje. Amadziwa kuwerenga khutu ndi mchira wa ng'ombe, amadziwa poika phewa, amadziwa ng'ombe yoti lero isiyidwe. Zimenezi sizidalembedwe paliponse, ndipo zaka za eni akewo zapita. Mlangizi wa m'madera amenewa angathe kupeza mmodzi mlungu usanathe, pongofunsa kumene kumavinidwa Gule kapena kumene kuli mzikiti wa Ayao. Tiwaitane pa tsiku la chionetsero, tiwaimike kutsogolo kwa anthu, ndipo tiwalipire monga tilipirira mphunzitsi wochokera ku Harare.

Mkulu wa ku Marondera uja, tsiku lomwe lija, adandiletsa kugwira ng'ombe yachitatu. "Iyi ayi, alangizi. Yaona zimene tachita ndi zinzake, taonani mchirawo. Mubwere mawa m'mamawa dzuwa lisanatenthe." Ndidanyinyirika chamumtima poganiza za mafuta a njinga yamoto, koma ndidabwerako. M'mawa mwake adaitsogolera yekha m'kampanda akuilankhula pang'onopang'ono, nazenga chingwe pa mtanda ndi dzanja lake lamanzere, ndipo pakati pa zala zake za mwendo wakumbuyo tidatulutsapo kachidutswa ka waya wa mpanda.